Nyumba zogoneka odwala maganizo muno mu Lusaka: ndiyang'ane chiyani ndisanasiyeko mlongo wanga?

Mlongo_wa_ku_Katete analemba:

Moni nonse. Funso langa ndi lolemera, ndiye amene mukudziwa mundiyankhe mosabisa.

Mlongo wanga wamng'ono ali ndi matenda a maganizo amene madokotala amati schizophrenia. Anayamba ali ku koleji. Mankhwala amalandira ku Chainama, chipatala cha boma cha odwala maganizo, ndipo akamamwa bwino simungamudziwe: amakonza mafoni, amaseka ndi ana anga, nsima yake ndi yosalala kuposa yanga. Vuto limabwera akasiya mapiritsi. Tulo timamuthawa, amayamba kumva mawu omulankhula, usiku n'kutsegula chitseko kuyenda wapansi kumene sitikudziwa. Amene amakhala naye masana ndi amayi, kuno ku Mtendere, koma akalamba ndipo BP yawavuta. Ine ndimagwira ntchito ya mashifiti m'sitolo. Amalume, monga eni mbumba, alamula kuchokera kumudzi kuti timupezere malo ogona komweko kwa miyezi ingapo kuti amayi apumeko. Iwo alamula pa foni, woyenda ndine.

Ku Chainama ndi kuchipatala, munthu akakhazikika amamutulutsa, ndipo mpake. Choncho ndayamba kuyendera nyumba za anthu wamba zimene zimasunga odwala otere. Ina imene ndinafikako ili kunja kwa tauni: mpanda wautali, waya wamagetsi pamwamba, kapinga wothiriridwa bwino, ofesi ya masofa. Bambo amene anandilandira anandionetsa pepala la PACRA, ofesi yolembetsa makampani, m'felemu pakhoma. Nditapempha kuona kogona anati odwala akupuma. Anatinso mwezi woyamba achibale saloledwa kubwera kapena kuimba foni, ati kuti wodwala azolowere. Malipiro a pamwezi akuposa lendi ya nyumba yanga. Potuluka ndinaona anyamata atakhala pakhonde padzuwa, wina dovu likuchucha, manja akunjenjemera, osacheuka ngakhale geti linkalira.

Kodi malo otere amawayang'anira ndani? Pepala loyenera kulifunsa ndi liti? Za mwezi woyambazi ndi zachipatala kapena ndi zawo? Nanga ine amene sindinaphunzire zaumoyo, ndi maso angawa ndiyang'ane chiyani?

Nesi_wopuma_Chelstone anayankha:

Mwanangu, pepani ndi mtolo mwasenzawu. Ine ndagwira unesi m'mawodi a odwala maganizo mpaka kupuma, ndiye ndilankhula zimene manja anga agwira.

Pepala la PACRA lija musaliwerengere. Limangosonyeza kuti wina analembetsa kampani, ndipo wogulitsa simenti ku Kalingalinga nayenso ali nalo. Ena adzakutulutsirani la Registrar of Societies, loti iwo ndi mpingo kapena bungwe. Nalonso silinena kanthu za odwala. Malo ogoneka odwala ndi kuwapatsa mankhwala amafunika laisensi ya Health Professions Council of Zambia, imene timangoti HPCZ. Imakonzedwanso chaka ndi chaka, choncho onani chaka chake, dzina la malowo ndi adiresi, ngati zikugwirizana ndi pamene mwaimapo. Ijambuleni pa foni mukafunse ku ofesi ya HPCZ. Iwo ali ndi anthu oyendera zipatala ndipo ali ndi mphamvu yotseka malo osayenera. Ogwira ntchito nawonso ali ndi mapepala awoawo: dokotala ndi clinical officer amalembetsa ku HPCZ komweko, ife manesi ku Nursing and Midwifery Council of Zambia.

Mukaona pepala, funsani za usiku. 2 koloko m'bandakucha usanafike, ndani ali maso m'nyumbamo? Sindikunena woimbiridwa foni ali kwawo, ndikunena amene ali m'katimo. Akati tili ndi dokotala, funsani tsiku limene amabwera, ndi limene anabwera komaliza. Ndinaonapo malo amene masana pamakhala nesi wovala zoyera bwino, dzuwa likalowa n'kutsala mlonda wa pageti ndi wodwala wina wokhalitsa amene amuika kukhala kapitawo wa anzake. Matendawa nthawi yake yovuta ndi usiku, inu nomwe mwanena. Ngati amagoneka amuna ndi akazi, kogona ndi kosambira kukhale kosiyana, ndipo ku mbali ya akazi usiku kukhale wogwira ntchito wamkazi.

Anyamata munawaona pakhondewo andidetsa nkhawa. Sindingaweruze munthu amene sindinamuone, koma dovu, manja onjenjemera, khosi louma ndi kuyenda mokoka mapazi ndi zimene zimabwera ndi haloperidol, chlorpromazine amene ambiri amamudziwa kuti Largactil, ndi jakisoni wa Modecate, mlingo ukachuluka kapena thupi likapanda kuyanjana nawo. Izi zimathandizika. Pali Artane wochepetsa kuuma ndi kunjenjemera, ndipo dokotala angatsitse mlingo kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Nesi wodziwa ntchito amaziona msanga. Koma pamalo pakachepa antchito, mankhwala ndiwo amasanduka mlonda: onse agone, pasapezeke wovutitsa. Wodwala mmodzi woodzera si nkhani. Khonde lonse likamaodzera 10 koloko m'mawa, pamenepo pali nkhani.

Pemphani kuona mmene amalembera mankhwala. Wodwala aliyense akhale ndi khadi lake, lolembedwa dzina la mankhwala, mlingo, nthawi, ndi siginecha ya amene wapereka. Mankhwalawo akhale m'kabati yokiya, pamodzi ndi china chilichonse chimene munthu wotaya mtima angadzivulaze nacho, monga mankhwala a makoswe ndi a m'dimba. Onani ngati ali ndi sikelo, makina a BP ndi koyezera shuga, chifukwa mankhwala a olanzapine amanenepetsa ndipo amakweza shuga. Womwa lithium amafunika kuyezedwa magazi nthawi ndi nthawi. Sodium valproate amavulaza mwana m'mimba, ndiye kwa mkazi wa msinkhu wobereka dokotala ayenera kukambirana naye bwino. Ndipo kwa amene ali pa ma ARV, mankhwala a carbamazepine amafooketsa dolutegravir amene ali mu piritsi la ma ARV lotchedwa TLD, choncho wopereka mankhwala ayenera kudziwa zonse zimene munthu akumwa. Izi sindikunenera mlongo wanu yekha, ndikunenera ndi ena owerenga. Muwafunse funso limodzi mwa amenewa muone ngati ayankha kapena ayamba kukanda mutu.

Chinthu china choopsa: wodwala wa pa mankhwala amenewa akauma thupi lonse, kutentha kwambiri ndi kusokonezeka, si za kudikira kuche. Ndi za galimoto nthawi yomweyo. Ndiye afunseni kuti wodwala akadwalika usiku amamutengera kuti, ku chipatala cha Levy Mwanawasa kapena ku chipatala chachikulu cha UTH, ndipo pa galimoto ya ndani. Ngati m'nyumba yomweyo amasunganso osiya mowa, funsoli likukula, pakuti chidakwa chikasiya mwadzidzidzi chimatha kugwa ngati wakhunyu ndi kubwebweta pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo ena amafa nazo.

Tsono funsani mosapita m'mbali: wodwala akachita ukali mumatani? Yankho labwino limayamba ndi kulankhula naye, kuchotsa anthu omuunjirira, kumupatsa mpata ndi mankhwala. Kumugwira kapena kumumanga ndi chinthu chotsiriza, kwa nthawi yochepa, wina akumuyang'anira, ndipo zilembedwe m'buku: ndani walamula, nthawi yanji, wamasulidwa nthawi yanji. Kumugoneka chafufumimba n'kumukhalira pamsana kumatsekereza mpweya, anthu afa motero. Mukaona unyolo, zingwe, kapena kachipinda kamdima kopanda zenera, tengani chikwama chanu muzipita.

Lamulo lilipo. Mental Health Act ya 2019 ndiyo inalowa m'malo mwa Mental Disorders Act ya 1949 ya nthawi ya atsamunda. Imanena za ufulu wa wodwala, za kagonekedwe ka munthu wovomera yekha ndi wosavomera, ndipo ndiyo inaika National Mental Health Council. Kugoneka munthu wamkulu asakufuna si chinthu chongogwirizana amalume ndi mwini nyumba. Pamafunika azaumoyo amuyeze.

Za mwezi wosaonana nayezo ndi zawo. M'zipatala za boma muli nthawi yoonera odwala, ndipo ife tinkakondwa achibale akabwera chifukwa ndi amene amatiuza kuti uyu si mmene amakhalira.

Wa_Matero anayankha:

Alongo, ine ndilankhula ngati munthu amene anagonapo kuseri kwa geti lotero. Ndili ndi matenda a maganizo otchedwa bipolar, ndimamwa mankhwala, ndimagwira ntchito, ndili ndi banja.

Zonse anena amayi anesizo ndi zoona. Koma m'kalata yanu ndaona amalume, ndaona amayi, ndaona bambo wa masofa. Mlongo wanuyo wanena chiyani? Munthu wokonza mafoni angathe kuyankha funso loti ukufuna kukakhala kuti.

Ine abale anga anandiuza kuti tikupita kukagula nsapato. Galimoto inalowa pageti, geti n'kutsekedwa, iwo n'kubwerera. Ndikudziwa kuti anali atatopa ndipo sindiwasungira chakukhosi, koma mpaka lero akati tiye tikwere, ndimayamba ndafunsa kawiri. Tsiku lomwelo anandilanda foni, nandimeta mpala osandifunsa, ndi lumo lomwe anametera anzanga. Chimbudzi chinalibe chitseko. Ndiwo zinali soya ndi kabichi, mawa kabichi ndi soya. Koma chimene chinandipweteka kwambiri si chimenecho. Kunalibe chochita. Kudzuka, phala, mapiritsi, khonde, nsima, khonde, mapiritsi, kugona. Ukafunsa kuti ndituluka liti, ankati ukachira. Ukafunsa kuti kuchira mukuona bwanji, ankalemba kuti wayamba kuvuta. Abale akabwera, wantchito ankakhala pampando pomwepo, ndiye ukanati chiyani? Unkangoti ndili bwino.

Patapita nthawi ndinadwalanso n'kukagona malo ena. Nyumba yake inali yakale, penti yosuluka, koma clinical officer anakhala nane pansi n'kundiuza dzina la mankhwala anga ndi chifukwa chake. Kunali dimba la repu ndi tomato, tinkaphika nawo, Loweruka tinkaonera mpira. Tsiku lokambirana za kutuluka kwanga ndinkalidziwa. Foni ankasunga iwo koma madzulo ankandipatsa. Malo awiriwa, mukanangoona pageti, mukanasankha oyambawo.

Ndiye mukapitanso mupite naye, aone yekha bedi limene akufuna kumugonekapo. Mupemphe ndondomeko ya tsiku, kuyambira kudzuka mpaka kugona, ndipo mufunse wodwala amene ali komweko, osati wa mu ofesi. Akakagona, muzifika tsiku limene sakukuyembekezani, mulankhule naye awiriwiri panja. Muyang'ane m'mikono ndi m'akakolo ngati muli zipsera, muone ngati thalauza layamba kukhwepa. Akakuuzani kuti andimenya, musathamangire kunena kuti ndi matenda akulankhula. Nthawi zina ndi matenda, inde, koma omenya amadalira zomwezo, kuti palibe adzatikhulupirira.

Kuli bungwe la ife odwala, Mental Health Users Network of Zambia, MHUNZA. A Sylvester Katontoka a bungweli anali mmodzi mwa amene anatengera lamulo la 1949 ku High Court, ndipo mu 2017 khoti linagamula kuti gawo la lamulolo limene linkatitchula mayina onyoza likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Zambia inavomerezanso pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2010, ndipo ifenso tili momwemo. Mukaona nkhanza, kupatula HPCZ, kulinso Human Rights Commission ndi polisi.

Mayi_wa_Chigwirizano anayankha:

Amayi, ndikudziwa kuti posachedwa wina akuuzani kuti mumutengere kumapemphero ogonera konko. Ine ndine wopemphera, yunifolomu ndimavala, koma ndinaona mwana wa mnansi wanga atapita ku malo otero. Anamuuza ataye mapiritsi, asale kudya, ndipo atayamba kuvuta anamumangirira ku mtengo. Anabwerako ndi zilonda m'miyendo, matenda atakula. Abusa oona amapempherera wodwala ndi kumukumbutsa kumwa mankhwala.

Komanso amayi anuwo asafe nacho chinthu okha. Kodi kumpingo kwanu mwanena? Ife kwathu timasinthana kukakhala ndi odwala masana. Manyazi ndi amene amatitsekera pakamwa pa matenda awa, pamene akanakhala a shuga bwenzi mpingo wonse ukudziwa.

Wamagetsi_Chawama anayankha:

Za mankhwala sindidziwa, ine ndi wa mawaya. Koma ndalowa m'nyumba zambiri zimene anazimanga kuti mukhale banja limodzi kenako n'kuzisandutsa kogona anthu ambiri, ndiye ndinenepo za moto.

Nyumba za mu Lusaka mukuzidziwa: zitsulo pa zenera lililonse, chitseko chachitsulo kutsogolo, china kumbuyo. Pamalo osunga odwala amawonjezera loko kunja kuti asathawe. Tsono ganizani moto utabuka usiku, anthu ali m'tulo ta mapiritsi, kiyi ali m'thumba la mlonda amene wapita kukagula ndudu. Imani pakati pa chipinda chogona mudzifunse kuti utsi utadzaza muno ndingatulukire pati. Pakhale makomo awiri, ndipo kiyi akhale ndi munthu amene amachezera m'kati momwemo ali maso. Chozimitsira moto chofiira chija chimakhala ndi kapepala kosonyeza tsiku limene anachiyeza komaliza, muwerenge. Funsaninso satifiketi ya moto yochokera ku Lusaka City Council.

Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tonse tinaona mmene magetsi ankazimira, pena tsiku lonse. Ndiye afunseni kuti akazima amaunikira chiyani. Akati makandulo, pafupi ndi matiresi a siponji, ayi. Pakhale sola kapena nyali zotchaja. M'nyengo yozizira, June ndi July, ena amalowetsa mbaula m'chipinda n'kutseka mazenera, utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali m'tulo. Onaninso masoketi othyoka ndi mawaya olendewera, makamaka kubafa.

Madzi nawo. Malo akunja kwa tauni amadalira borehole ya pampu ya magetsi, ndiye magetsi akapita, madzi apita, zimbudzi zaima. Thanki ndi yaikulu bwanji, ndipo anthu ndi angati? Tsegulani mpopi nokha, lowani m'chimbudzi cha odwala osati cha alendo, muone ngati pali sopo. Kolera ya 2017 mpaka 2018 tinaiona, ya 2023 mpaka 2024 inafika podzaza Heroes Stadium ndi odwala. Pamalo pogona anthu ambiri ikalowa imasesa.

Mlongo_wa_ku_Katete anayankha:

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Alongo a ku Matero, mawu anu ndawamva. Dzulo madzulo ndinakhala naye pansi. Wati iye sakana kuti amayi atopa, koma malo amene adzamulanda foni ndi zida zake zokonzera sapitako. Wanenanso chimene sanatiuzepo, kuti mapiritsi amawasiya chifukwa amamuumitsa zala ndipo tizitsulo ta m'foni timamupulumuka.

Ndinaimbira bambo aja kufunsa za laisensi ya HPCZ, anati ili m'njira. Amayi anesi, kodi pali njira ina yoti asagone kwina kulikonse? Amalume ndiwauza chiyani?

Nesi_wopuma_Chelstone anayankha:

Laisensi ya m'njira siigoneka wodwala, mwanangu. Kumeneko kusiyeni.

Zimene wakuuzani za zalazo ndiye nkhani yaikulu pa zonse mwalemba. Pa tsiku lake la ku Chainama mupite naye, ndipo anene yekha kwa dokotala kapena clinical officer mmene wanenera kwa inu, kuti zala zimauma ndipo ntchito yake ndi ya zala. Angamutsitsire mlingo, angamuwonjezere Artane, kapena kumusinthira ku mtundu wina umene suumitsa kwambiri. Iye asasinthe yekha, inunso musamugulire mankhwala pa kauntala popanda pepala la dokotala. Mufunsenso za jakisoni wa nthawi yaitali, wobaya pakapita milungu iwiri mpaka inayi malinga ndi mtundu wake, chifukwa amachotsa mkangano wa mapiritsi tsiku ndi tsiku umene ukutopetsa amayi. Koma dziwani kuti jakisoni ngati Modecate nayenso amatha kuumitsa thupi, ndipo akalowa sungamutulutse, ndiye za zalazo zinenedwe asanabaye. Ku Mtendere ndi ku Chainama ndi pafupi, mwayi umenewo ena alibe.

Kunyumba, gwirizanani naye zizindikiro zake zoyamba adakali bwino. Kwa iye mwati ndi tulo. Akalephera kugona usiku wotsatizana, musadikire kuti ayambe kuyenda, pitani kuchipatala. Lembani papepala mankhwala ake, nambala ya khadi lake ndi foni yanu, likhale m'thumba mwake. Amayi apatseni masiku opuma enieni, kaya apite ku Katete kwa kanthawi wina wa m'banja abwere, kaya azimayi a mpingo athandize monga anenera amayi a Chigwirizano.

Ngati zonsezi zitakanika n'kufunikabe malo ogona, sankhani a laisensi yooneka ndi maso, iye atavomera, ndipo mulemberane: malipiro akuphatikiza chiyani, ndani amamuona ndipo kangati, masiku ochezera, ndi tsiku lokhala pansi kukambirana zotuluka. Apitirize kuonedwa ku Chainama ngakhale akugona kumeneko, ndipo khadi lake la kuchipatala musalisiye m'manja mwawo, apatseni fotokope.

Amalume auzeni kuti dokotala akufuna kuyamba wasintha mankhwala, ndipo muwapemphe atumize mmodzi wa adzukulu awo adzakhale ndi amayi mwezi uno.